Njinga yamoto yozima pachitunda: mmene ndinalondolera njira ya petulo

Njinga yanga ndi ya 125cc, ya kabureta (chipangizo chosakaniza petulo ndi mpweya), yakale moti penti wa pathanki anasuluka kalekale. M'mawa, kupatula kukazizira, inkalira bwinobwino ndikangomenya kiki. Vuto linkabwera ndikayenda kamtunda ndithu. Kuchoka ku Chilomoni kudutsa m'tauni panalibe chovuta, koma ndikangopitirira Ginnery Corner n'kuyamba kukwera cha ku Chichiri pamsewu wa Masauko Chipembere, injini inkayamba kudukiza, mphamvu n'kutha, kenako zii. Ndikaima pambali kwa mphindi zochepa n'kumenyanso kiki, inkadzuka ngati palibe chachitika, n'kukazimanso ndisanafike ku Limbe.

Kudikirako n'kumene kunandipatsa poyambira. Pansi pa kabureta pali kambale kosungira petulo wochepa, ndipo injini imamwa kuchokera m'menemo. Ngati petulo akulowa m'kambaleko mochedwa kuposa mmene injini ikumwera, pamalo athyathyathya simudziwa kanthu, koma pachitunda pamene mwakoka moto wambiri kambale kamauma. Mukaima, kamadzaza pang'onopang'ono, njinga n'kuliranso. Komabe koyilo, imene imapereka moto ku pulagi, ikatopa nayonso imatha kudula moto ikatentha, ndiye tsiku lina itangozima ndinachotsa pulagi pomwepo, n'kuikhudzika ku chitsulo cha injini, n'kumenya kiki. Moto unalipo, wabuluu, wamphamvu. Nsonga ya pulagi inali yotuwa kwambiri, pamene yabwino imakhala yofiirira pang'ono. Kutuwa kotero kumasonyeza kuti mpweya ukuchuluka, petulo akuchepa. Zamagetsi ndinazisiya pamenepo.

Anzanga akabaza anandiuza kuti ndingogula kabureta yatsopano ku Ndirande, nkhani ithe. Sindiwanena, iwo njinga ikaima tsiku limodzi ndiye kuti kunyumba sikudyedwa. Koma makaniko wina wachikulire amene ndinamufotokozera anati: "Achimwene, musathamangire pansi. Yambirani kuthanki, muzitsika nayeni petuloyo mpaka muone pomwe akuima." Ndinatsatira mawu a madalawo, ndipo ndikupempha aliyense wa njinga yakale achite chimodzimodzi asanatulutse ndalama.

Ntchitoyi ndinagwirira pabwalo, injini itazizira, kutali ndi mbaula. Zimenezi musazitenge mwachibwana. Nthunzi ya petulo ndi yolemera kuposa mpweya, imayenda chapansipansi, ndipo khala limodzi la pambaula likhoza kuyatsa khonde lonse.

Choyamba chinali chitsekerero cha thanki. Chili ndi kabowo kolowera mpweya, ndipo kakatsekeka ndi fumbi petulo amakanika kutsika chifukwa palibe cholowa m'malo mwake. Kuyesa kwake n'kosavuta: njinga ikazima, tsegulani chitsekerero. Mukamva mpweya ukulowa kuti fuu, njinga n'kuyenda bwino chitsekerero chili chomasula, mwapeza. Kwa ine sizinasinthe kanthu.

Ndinatsikira pa kampopi ka petulo, kamene kali ndi ON, OFF ndi RES (ya petulo wotsalira pansi pa thanki). Ndinatseka, n'kuchotsa paipi kumbali ya kabureta, n'kuilozetsa m'botolo lagalasi loyera. Nditatsegula pa ON, petulo anatuluka bwino kwa kanthawi, kenako anayamba kudontha, dontho, dontho. Apa ndi pamene ambiri amanyengeka, chifukwa amangoona kuti watuluka n'kubwezera paipi msanga. Musiyeni atuluke kwa mphindi yathunthu kapena kuposera. Ayenera kuyenda mosadukiza, modzaza paipi. Pa RES ndiye kunali koipitsitsa, ndipo zomwe zinatuluka zinali zofiira.

Botolo lija ndinaliika pansi kuti zikhazikike. Patapita kanthawi, pansi pake panaoneka madzi atapatukana ndi petulo, ndi tizidutswa ta dzimbiri. Madzi ndi olemera kuposa petulo, ndiye amakhala pansi pa thanki, pamene RES imakokera. Kumene anachokera sikovuta kulingalira. Pa nthawi ya kusowa kwa mafuta mu 2022 ndi 2023, mizere itatalika m'mafilingi a mu Blantyre, ndinkathira wa m'zigubu za m'mbali mwa msewu ngati wina aliyense, ndipo chigubu sudziwa chinasungapo chiyani. Komanso thanki imene imakhalira theka imachita thukuta mkati, makamaka mu Juni ndi Julayi chiperoni chikakuta Soche ndi Ndirande. Petulo wathu kuno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe za ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, ndipo dziko lino linayamba kusakaniza chotero mu 1982. Ethanol amakoka chinyezi. Njinga imene ikuyenda tsiku lililonse siivutika nazo kwenikweni, koma ikakhala milungu yambiri osayenda, madzi amasonkhana, chitsulo cha thanki n'kuyamba kudyeka.

Ndinakhuthula petulo yense, n'kuchotsa thanki, n'kumasula kampopi. Kasefa kake kamene kamalowa m'thanki kanali katamatiratu ndi dzimbiri, kofiira ngati dothi la katondo. Ndinakatsuka ndi petulo woyera ndi mswachi wakale mpaka kuwala kukudutsa. Kampopi kena kamakhala ndi kakapu pansi kotolera zinyalala, kameneko nakonso kamamasuka. M'thanki ndinaponyamo manati ndi mabawuti odzaza dzanja, nditawawerenga kuti lina lisatsalire, n'kuthiramo parafini pang'ono. Ndinaikhutchumula mbali zonse mpaka mikono inalema, kukhuthula, kubwereza, kufikira zotuluka zitayera. Kenako ndinaitsukuluza ndi petulo n'kuisiya padzuwa chitsekerero chili chotsegula.

Paipi inali youma gwa, yong'aluka kunsonga. Paipi yotere imatha kuyoyoka mkati, tizidutswa take n'kukatseka kabureta imene mwangoitsuka kumene. Ndinagula ina ku Limbe, yopangidwira petulo. Ija yoonekera mkati yomwe ena amadula pa zinthu zamadzi imauma msanga, musaigwiritse ntchito.

Kabureta ndinaitsegulabe, chifukwa dzimbiri laling'ono limadutsa sefa. Musanamasule chilichonse, jambulani ndi foni, ndipo yalani nsalu yoyera kuti tizitsulo tisasowe. Masikuluwu a kambale ndi ofewa mitu, amafuna sikuludiraiva yokwana bwino ndi dzanja lokanikiza. Pansi pa kambale ndinapeza matope ofiira. Float, imene imayandama pa petulo m'kambalemo, inali yabwino: nditaigwedeza pafupi ndi khutu sindinamve petulo mkati. Kasingano kake, kamene kamatseka petulo kambale kakadzaza, kanali ndi nsonga yosalala. Kakakhala ndi mzere wodyeka mozungulira, petulo amasefukira n'kumatayikira pansi, ndipo kamafunika kusintha.

Majeti, tizitsulo tamabowo timene petulo amadutsamo pochoka m'kambale, alipo awiri. Main jet, ya bowo lalikulupo, imagwira ntchito mukakoka moto wambiri. Pilot jet, ya kabowo kochepetsetsa, ndi ya idling (injini ikulira osakoka moto) ndi ponyamuka. Yanga yaing'onoyo nditaiyang'anitsa kudzuwa, kuwala kunkangooneka mwa apo ndi apo. Pamenepo ndinamvetsa chifukwa chake njinga inkafuna choki, yochepetsera mpweya poliza injini yozizira, nthawi yayitali m'mawa mozizira. Pano ndiimepo pang'ono, chifukwa ndaona majeti ambiri akuonongedwa ndi anthu ofuna kuthandiza. Jeti ndi ya brass, chitsulo chofewa. Mukaitokosa ndi singano yosokera kapena waya wa kebulo ya buleki, bowo limakula, ndipo silibwereranso. Njinga imayamba kumwa petulo mopitirira, pulagi n'kumada ndi mwaye. Ine ndinapopera mankhwala otsukira kabureta (carburettor cleaner), n'kudutsitsa kaulusi kamodzi ka kopa kochokera m'waya wamagetsi, mofatsa. Thupi la kabureta ndinapita nalo kwa okonza matayala kuti andipoperere mpweya m'tinjira take tonse, float ndi kasingano nditazichotsa.

Sikuluwu ya mixture, yosinthira kasakanizidwe ka petulo ndi mpweya pa idling, ili ndi lamulo lake. Musanaichotse, ilowetseni pang'onopang'ono mpaka ingokhudza, mukuwerenga kuti yazungulira kangati, ndipo lembani. Musaimange mwamphamvu, nsonga yake imathyoka. Pobwezera mubwerere pa chiwerengero chomwecho. Anthu ambiri njinga ikangodukiza amathamangira kupotokola sikuluwu imeneyi, pamene siingathe kubweretsa petulo amene sakufika n'komwe.

Ndisanamange, ndinapinda labala lolumikiza kabureta ku injini kuti ndione ngati lili ndi ming'alu, popeza mpweya wolowera pamenepo umatuwitsanso pulagi. Linali lolimba. Sefa ya mpweya ndinaitsuka, popeza inali itadzaza fumbi la chilimwe.

Nditabwezera zonse ndinathira petulo watsopano wa pafilingi, n'kuyesanso ndi botolo. Anayenda modzaza paipi pa ON ndi pa RES pomwe. Ndinalumikiza paipi, kudikira kuti kambale kadzaze, n'kuyang'ana ngati pali podontha. Injini itatentha ndinakonza idling ndi sikuluwu yake. Poyesa ndinasankha msewu wa ku Chikwawa, kutsika mpaka kumunsi n'kukweranso mapiri aja ndi moto wokoka nthawi yayitali. Sinadukize. Pulagi nditaichotsa kunyumba inali yofiirira.

Thanki imene inachitapo dzimbiri imapitiriza kutulutsa tizidutswa, ndiye pakati pa kampopi ndi kabureta ndinaikapo kasefa kapulasitiki koonekera mkati. Kali ndi muvi, ndipo muviwo uloze ku kabureta. Sankhani kopangidwira njinga, chifukwa ena a galimoto amafuna pampu yokankha, pamene njinga zathuzi petulo amangotsika yekha. Kumapeto kwa mwezi ndimamasula sikuluwu ya pansi pa kambale n'kukhetsera petulo pang'ono m'botolo kuti ndione ngati muli madzi. Ndikakakamizika kugula wa m'chigubu, ndimamuthira kaye m'botolo kuti akhazikike, n'kumusefa ndi nsalu yoyera pa fanelo, wotsalira pansiyo osamuthira m'thanki.