Kuthokoza amene anandithandiza kukonza kachida koyezera kukula kwa maphukusi

Ndalemba mawu awa pofuna kuthokoza anthu amene kwa masabata atatu apitawa anadzipereka kufufuza nane vuto limene linali m'kachida kanga, kapulogalamu ka pa kompyuta koyezera kukula kwa maphukusi a npm (npm ndi chida chimene olemba mapulogalamu a JavaScript amaikira maphukusi, omwe ndi zidutswa za pulogalamu zolembedwa kale). Ntchito ya kachidaka ndi yakuti munthu akatchula dzina la phukusi, iko kamamuuza malo amene phukusilo lidzatenge pa disiki pamodzi ndi maphukusi ena onse amene limadalira. Manambala amene kankatulutsa ankasiyana kwambiri ndi amene anthu ankapeza akayeza okha foda ya node_modules, mmene npm imaika maphukusiwo, ndipo ndivomereze kuti poyamba ndinkaumirira kuti olakwitsa anali iwowo.

Amene ndikuwathokoza koposa ndi munthu amene sanataye nthawi kutsutsana nane, koma anangonditumizira chitsanzo chaching'ono kwambiri: maphukusi awiri odalira phukusi lachitatu limodzimodzi. Nditayesa chitsanzocho ndinaona ndi maso anga kuti kachida kanga kankawerengera phukusi lachitatulo kawiri, chifukwa kankatsata nthambi iliyonse payokha osakumbukira mmene kadutsa kale. Chonsecho, kuyambira pa npm 3, imene inatuluka mu 2015, phukusi limene ena angapo akulidalira limaikidwa kamodzi kokha pamwamba pa node_modules ngati mtundu wake ukuwayenera onsewo. Zimenezi ndinkazidziwa kalekale, koma sindinaziganizire pamene ndinkalemba pulogalamuyi. Tsopano kachidaka kamawerenga fayilo ya package-lock.json, mmene mumalembedwa malo enieni a phukusi lililonse, ndipo malo amodzi kamawawerengera kamodzi. Kusinthaku kunathetsanso vuto lina limene linkandisowetsa tulo, loti kachidaka kankangozungulira osamaliza kakakumana ndi maphukusi odalirana okhaokha.

Zitakonzedwa zimenezo, kusiyana kunachepa koma sikunathe, ndipo ulendo uno nambala yanga ndiyo inali yotsika. Ndikuthokoza mnzathu wina amene anandifotokozera moleza mtima kuti ine ndinkatenga nambala ya unpackedSize imene nkhokwe ya npm imasunga, yomwe ndi kuphatikiza kwa mabayiti a m'mafayilo, pamene lamulo la pa kompyuta lotchedwa du, limene anthu ankagwiritsa ntchito poyeza fodayo, limayeza malo amene disiki yapereka. Pa madisiki ambiri malowa amagawidwa m'zigawo za mabayiti 4096, motero kafayilo ka mabayiti 200 kamatengabe chigawo chathunthu, ndipo popeza node_modules imadzaza ndi timafayilo tating'onoting'ono tambirimbiri, kusiyanako kumakula msanga. Apa panalibe wolakwa, chifukwa manambala onse awiri ndi oona, kungoti amayankha mafunso osiyana. N'chifukwa chake kachidaka tsopano kamasonyeza onse awiri, ndipo pambali pa nambala iliyonse pamalembedwa tanthauzo lake.

Sindingaiwale amene anazindikira kuti pa phukusi lotchedwa esbuild kachidaka kankaphatikiza maphukusi a Linux, Windows ndi macOS onse pamodzi, pamene npm imaika okhawo oyenera kompyuta imene munthu akugwiritsa ntchito. Chimenechi chinakonzeka tsiku lomwelo.

Kwa inu amene mumagwiritsa ntchito pnpm, chida china choikira maphukusi m'malo mwa npm, ndikuthokozani chifukwa cha kudekha kwanu, ndipo ndikupepesa kuti mbali yanu sinathe. Popeza pnpm imasunga mafayilo m'nkhokwe imodzi n'kumangowalumikiza ku mapulojekiti osiyanasiyana, funso lakuti phukusi latenga malo ochuluka bwanji m'pulojekiti imodzi lilibe yankho limodzi, ndipo sindikufuna kukupatsani nambala imene sindingathe kuifotokoza. Pakadali pano kachidaka kamangokuchenjezani kakapeza fayilo ya pnpm-lock.yaml. Amene angathe kunditumizira chitsanzo chaching'ono ngati chija cha maphukusi atatu, ndidzachilandira ndi manja awiri.