Za chamba, tinakangana pa Calomue

Dzulo pa msika wa Calomue, pa malire a Mozambique ndi Malawi, tinakangana mpaka tiyi kuzizira m'makapu. Achimwene ena a ku Dedza akuti kwawo chamba nchololedwa tsopano. Ndinangoseka. Lamulo la ku Malawi la 2020 linalola kulima chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale basi, komanso uyambe wagula chiphaso, ndalama zake mlimi wamba sangazione n'kutulo komwe. Wosuta akumangidwabe. Ku Joni ndi kumene khoti linalola mu 2018 kuti munthu wamkulu azisutira kwake.

Kuno kwathu ku Mozambique suruma, chamba chomwecho, ndi mlandu ndithu, lamulo la 1997 linaletsa.

Ineyo cha mankhwala ndikuvomera. Malemu agogo anga khansa inawazunza, usiku onse kubuula, ife kumangowapatsa panado. Ndiponso nthaka ya kwathu kuno ku Angónia imabereka fodya chaka ndi chaka, chamba chingaikanike?

Koma zosutazi ayi, pepani. Mphwanga anachiyamba ali kalasi 8, ati chimapatsa mphamvu zolimira. Lero khasu lili kuseri kwa nkhokwe lachita dzimbiri, mwini wake amangokhala pakhonde kuseka yekha, mayi akumusungira nsima m'mbale.