Momwe Ndinaphunzirira Gitala, Kujambula Nyimbo ndi Kuyimba M'bandi

Ntchito imene ndimadyera si yoyimba, ndipo sindinalowepo m'kalasi ya zoyimbayimba, koma masiku ano ndimayimba gitala ndi bezi m'bandi yaing'ono imene imasangalatsa anthu pa zinkhoswe ndi pa maukwati kumapeto kwa sabata. Achinyamata amene amandipeza phwando likatha amakonda kufunsa za zida, mitengo yake ndi kumene zimagulidwa. Mafunso amenewa ndi abwino, koma pa gawo lililonse la ulendo wanga chimene chinkanditsegulira khomo chinali khutu ndi kusunga nthawi ya nyimbo, ndipo n'chifukwa chake ndafuna kufotokoza mwatsatanetsatane mmene ndinayendera.

Ndinayamba ndi gitala ya bokosi, ija yosafuna magetsi, imene ndinagula kwa munthu amene anali ataitopa. Mkulu wina woyimba kutchalitchi kwathu ndi amene anandiperekeza, ndipo asanaiyimbe n'komwe anaikweza m'mwamba n'kuyang'ana khosi lake ndi diso limodzi kuchokera kumutu, kuti aone ngati linali lopindika. Kenako anayang'ana mpata wa pakati pa nsambo ndi fret ya nambala 12 (ma fret ndi tizitsulo topingasa pa khosi la gitala). Anandiuza kuti mpatawo ukapitirira kwambiri mamilimita atatu, wophunzira amalimbana ndi gitala m'malo moiyimba, zala zimapweteka mopitirira muyezo, ndipo ambiri amasiya poganiza kuti alibe mphatso. Tinasintha nsambo zonse zisanu ndi imodzi n'kuika zopyapyala, ndipo anandiphunzitsa kuzichuna, kuyambira yaikulu kufika yaing'ono: E, A, D, G, B, E. Pafoni pali mapulogalamu aulere ochunira amene amatsatira muyezo wa 440 Hz pa liwu la A, ndipo ndinkawagwiritsa ntchito, koma mkuluyo anaumirira kuti ndizidziwanso kuchuna ndi khutu, pogwira nsambo pa fret yachisanu n'kuifananiza ndi yotsatira, kupatula ya G yokha imene imagwiridwa pa fret yachinayi.

Za makodi oyamba, kutanthauza magwiridwe a nsambo zingapo zolira pamodzi, sindichulukitsa mawu, pakuti aliyense angawapeze pa YouTube. Ndinaphunzira G, C, D ndi E minor, nsonga za zala zinatupa n'kukhala ndi timizere ta nsambo, kenako zinalimba. Kodi ya F, imene imafuna kuti chala chimodzi chigone pa nsambo zonse, inanditengera nthawi ngati mmene imatengera wina aliyense.

Chimene chinali chovuta kwenikweni chinali dzanja lamanja. Munthu woyimba yekha m'chipinda amathamanga pamene pali posavuta n'kuchedwa pamene pali povuta, ndipo sazindikira chifukwa palibe womutsutsa. Ndinayamba kuyeserera ndi metronome, kachida kogunda mosasintha liwiro kothandiza kusunga nthawi, nditaitchera pa 60, kugunda kumodzi pa sekondi iliyonse, n'kumasintha makodi awiri okha mpaka kusinthako kutasiya kumveka ngati kupunthwa. Ndikatero ndinkakweza liwiro pang'ono chabe. Ambiri amanyansidwa ndi ntchito imeneyi chifukwa siikoma m'khutu, koma ine ndimaiona kuti ndi imene imasiyanitsa wodziwa makodi ndi woyimba. Nyimbo zathu zambiri zimayenda ndi makodi atatu okha, yoyamba, yachinayi ndi yachisanu powerenga do, re, mi, ndipo kukoma kwake konse kuli m'kagundidwe. Zambiri mwa izo, makamaka zochokera ku magule, zimagawa kugunda kulikonse patatu, kotero kuti wozolowera kuwerenga kanayi mowongoka amasochera ngakhale makodi akuwadziwa. Ndinazindikira zimenezi bwino pomvetsera nyimbo zakale za Daniel Kachamba wa ku Chileka, amene anamwalira mu 1987, ndi za Allan Namoko, woyimba banjo wosaona wa ku Thyolo. Pa gitala ya Kachamba chala chachikulu chimayenda pa nsambo zazikulu ngati bezi pamene chala china chikutola nyimbo pa nsambo zazing'ono, moti munthu angaganize kuti akuyimba ndi anthu awiri. Ndinkachepetsa liwiro la nyimbozo kufika pa theka, n'kutenga kachigawo kakang'ono, kukayimba ndi pakamwa kaye, kenako n'kukafunafuna pa nsambo. Lamulo limene ndinadziikira linali lakuti chimene sindingathe kuyimba ndi pakamwa sindinachimvetse, choncho ndisachiyese ndi zala.

Bezi ndinaiphunzira pambuyo pake, ndipo sinandivute kupeza manoti chifukwa nsambo zake zinayi, E, A, D ndi G, ndi zofanana ndi nsambo zinayi zazikulu za gitala, kungoti zimalira motsika. Chachilendo chinali kuphunzira kuletsa nsambo kulira, pakuti pa bezi pamene liwu lathera ndi pofunika mofanana ndi pamene layambira.

Kudzijambula ndikuyimba nyimbo za ena ndinakuyamba ndi foni yokha, nditaitsamiritsa pa mabuku. Kudzimvetsera koyamba kumaphunzitsa kuposa mawu a mphunzitsi, chifukwa chojambulira sichikondera: ndinamva pamene ndinkafulumira polowa kolasi, ndi pamene nsambo ya B inali itatsika pang'ono. Nditasunga ndalama ndinagula audio interface (kabokosi kolowetsera mawu mu kompyuta) yaing'ono ya mapulagi awiri, maikolofoni imodzi ndi mahedifoni otseka makutu, ndipo pa kompyuta ndinaika Audacity, pulogalamu yaulere imene imakwanira bwino woyamba. Dongosolo limene ndinakhazikika nalo ndi ili. Ndimayamba ndapeza kiyi ndi liwiro la nyimbo, n'kulemba kapangidwe kake papepala, ndime ndi kolasi ndi kutalika kwa chilichonse. Ndimajambula kaye gitala yongotsogolera ndikumvera metronome m'mahedifoni, kenako bezi, kenako gitala yeniyeni, ndipo mawu amabwera pomaliza. Maikolofoni ndimailozetsa pa fret ya nambala 12, masentimita 20 kapena 30 kuchokera pa gitala, osati pabowo, chifukwa pabowo pamatuluka chiphokoso chonenepa chimene chimakwirira china chilichonse. Mphamvu yolowera ndimaitsitsa kuti pamene ndamenya kwambiri pasapitirire -6 dB, pakuti liwu lotsika lingathe kukwezedwa pambuyo pake, koma losweka silikonzeka.

Pali zovuta ziwiri zimene wojambulira kunyumba amakumana nazo. Choyamba ndi kuchedwa kwa liwu pobwerera m'mahedifoni, kumene kumapangitsa munthu kuyimba motsalira ngakhale nthawi akuisunga bwino. Ma interface ambiri ali ndi batani la direct monitor limene limabweza liwu m'makutu lisanadutse mu kompyuta, ndipo kulidina kumathetsa vutoli. Chachiwiri ndi chipinda. Nyumba yanga ndi ya malata, pansi pa simenti, ndipo mawu amagunda khoma n'kubwerera mu maikolofoni. Ndimaimika matiresi kukhoma, n'kupachika mabulangete awiri pachingwe kumbuyo kwanga, ndipo ndimajambula usiku pamene ana agona ndi minibasi zasiya kuliza mahutala, laputopu ndi yodzaza moto kuti magetsi akazima ndisataye ntchito. Ndinaonanso kuti kuchotsa chaja pojambula kumathetsa kaphokoso kena kong'ung'udza kamene kamalowa kudzera m'mawaya.

Pa nkhani ya nyimbo za ena ndili ndi maganizo olimba. Nyimbo ili ndi mwini wake, ndipo kuiyimbanso ndi mawu anga sikuisandutsa yanga. Kuno kwathu bungwe la COSOMA, limene linakhazikitsidwa mu 1992, ndi limene limatolera ndalama za eni nyimbo ndi kupereka zilolezo, ndipo lamulo loteteza umwini wa zaluso linalembedwanso mwatsopano mu 2016. Ndikaika nyimbo pa intaneti ndimalemba dzina la amene anaipeka poyera, pamwamba penipeni. Pa YouTube pali njira yotchedwa Content ID imene imazindikira nyimbo zolembetsedwa, ndipo mwini wake angasankhe kutenga ndalama za malonda a pa kanemayo kapena kuitseka, zimene ine ndimaona kuti n'zoyenera. Amene akufuna kugulitsa nyimbo yotere, kapena kuiika mu chimbale, ayenera kuyamba wapempha chilolezo. Chinanso n'chakuti sindiona phindu lotengera nyimbo ndendende monga inajambulidwira, popeza yoyambayo ilipo kale ndipo ndi yabwino kuposa yanga. Ndimaisinthira ku kiyi yogwirizana ndi mawu anga, nthawi zina ndi capo, chopanira nsambo pa khosi la gitala, imene imakweza liwu ndi theka la sitepe pa fret iliyonse, ndipo ndimachotsa zokongoletsa zimene gitala imodzi singazinyamule.

Nyimbo zojambulazo ndi zimene zinandilowetsa m'bandi. Woyimba kiyibodi wina anamvera imodzi pa WhatsApp n'kundiitana kuti ndikayeserere nawo, chifukwa woyimba bezi wawo anali atasamukira ku Johannesburg. Oyimba ambiri a m'dziko muno anakulira m'magulu a kutchalitchi, monga mmene Alleluya Band ya ku Balaka, imene inayamba mu 1978, inasulira oyimba ambiri odziwika, ndipo bandi yathu nayonso inkayeserera m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi, ndi zida zobwereka. Anandipatsa mndandanda wa nyimbo ndi makiyi ake, ndipo ndinauzidwa mosabisa kuti nthawi yoyeserera pamodzi si yophunzirira nyimbo, aliyense azibwera ataidziwa kale.

Kumeneko ndinaphunzira kuti metronome ya m'bandi ndi munthu. Woyimba ng'oma anali bambo wachikulire wosalankhulalankhula, ndipo anandiimika kumanzere kwake, pamene ndinkatha kuona phazi lake lamanja likuponda ng'oma yaikulu. Anandiuza kuti, "Achimwene, musamayang'ane zala zanu, muziyang'ana phazi langali." Bezi ndi ng'oma zimagwira ntchito ngati amayi awiri osinja mu mtondo umodzi, amene misi yawo imalowa mosinthana popanda kugundana chifukwa aliyense akumva mnzake. Ndinayenera kuchepetsa manoti amene ndinkayimba ndekha kunyumba, mwina ndi theka, kuti kiyibodi ndi mawu zipeze malo. Pa gitala zinalinso chimodzimodzi: pamene pali kiyibodi, kodi ya nsambo zonse zisanu ndi imodzi imangodzaza phokoso, ndipo nsambo zitatu zazing'ono pamwamba pa khosi zimamveka bwino koposa.

Tinaphunziranso kutchula makodi ndi manambala m'malo mwa zilembo. Woyimba mawu akadzuka ndi chimfine n'kupempha kuti nyimbo itsike kuchoka pa G kupita pa F, wodziwa kuti nyimboyo imayenda 1, 4, 5 amangosuntha dzanja, pamene woloweza zilembo amayamba kuwerengera nyimbo ili m'kati. Mtsogoleri wathu amasonyeza manambalawo ndi zala kumbuyo kwake, ndipo chibakera chokwezedwa chimatanthauza kuti tikumaliza.

Zizindikiro zimenezi zimafunika kwambiri pa ukwati, makamaka nthawi ya perekaniperekani. Woyendetsa mwambo akaitana a kuchikazi, mzere wa amayi ovala zitenje zofanana umanyamuka ukuvina, ndalama zili m'manja, ndipo nyimbo imene tinaiyeserera kwa mphindi zinayi ingatalike kuwirikiza katatu, chifukwa siingathe pamene azakhali a mkwatibwi akadali pakati pa bwalo. Nthawi ina iliyonse woyendetsa mwamboyo angakweze dzanja kuti alengeze kanthu, ndipo bandi yonse iyenera kutsika pamodzi popanda kuima, bezi ndi ng'oma zikugwirabe pansipansi, kenako n'kukwera pamene wamaliza. Palibe pepala limene lingakonzekeretse munthu zimenezi, koma maso okhala pa mtsogoleri ndi khutu lokhala pa ng'oma.

Tsiku la phwando timafika maola awiri kapena atatu alendo asanafike. Timayamba kuyesa ng'oma, kenako bezi, kiyibodi, gitala, ndipo mawu pomaliza, kenako nyimbo imodzi tonse pamodzi, aliyense akunena zimene akufuna kumva mu sipika yoyang'ana kwa ife. Masipika akuluakulu timawaika patsogolo pa maikolofoni kuti pasakhale kulira kuja koboola m'makutu. M'chikwama changa simusowa nsambo zapadera, waya wachiwiri wa gitala, mabatire ndi tepi yomatira mawaya pansi kuti ovina asakodwe. Za ndalama timagwirizana tisananyamuke: eni phwando amapereka theka pasadakhale, timachotsa za galimoto ndi za kubwereka zida, gawo lina laling'ono limalowa m'thumba la bandi logulira zida zathuzathu, ndipo zotsala timagawana mofanana usiku womwewo, woyimba mawu ndi wonyamula masipika onse ali pomwepo. Kuchokera m'thumba limenelo tagula kale mikisa, ndipo tsopano tikusonkhera amplifaya ya bezi.