Mmene ndimaphunzitsira alimi anzanga kudziwa mtundu wa dothi ndi manja okha

Ku kalabu kwathu ikafika nkhani ya nthaka sindichulukitsa zolankhula ayi, ndimangouza aliyense abwere ndi dothi la m'munda mwake mu jumbo, osati lokokola pamwamba koma akumbe ndi khasu mpaka masentimita 15 kapena 20 momwe mizu ya chimanga imadyamo. Madzi ndimabweretsa ndekha m'chigubu.

Aliyense atape lodzadza dzanja, achotse timiyala ndi timizu kenako adonthezere madzi pang'onopang'ono uku akukanda mpaka lifewe ngati mbamu ya nsima. Apa ndi pomwe ambiri amaphonya, amakhuthulira madzi ambiri likhala thope, ndiye ndimayenda mmodzimmodzi kuwonjezera dothi louma. Ndikatero ndimati fumbatani, tambasulani dzanja. Likayoyoka osagwirana basi umenewo ndi mchenga, ndipo mukalipekesa pafupi ndi khutu limamveka kukhakhala.

Likagwirana timapitiliza. Mulikanikize pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala lizituluka lopyapyala likulendewera mpaka liduke lokha. Likaduka lisanafike masentimita 2.5 ndiye kuti ndi losakanikirana bwino, mchenga ulimo dongo lilimo. Pakati pa 2.5 ndi 5 dongo lachulukirapo, koma likapitilira 5 likumata zala mpaka kuvuta kusamba limenelo ndi dongo lenileni, monga makande a ku Chikwawa ndi Nsanje aja amang'aluka ming'alu chilimwe. Lina silikhakhala komanso silimata kwenikweni limangoterera, kawirikawiri ndi lija madzi osefukira amasiya m'mbali mwa mtsinje.

Chomwe ndimalimbana nacho kwambiri ndi nkhani ya maonekedwe. Bambo wina amvekere langali ndi lakuda ndiye ndi lamphamvu, atalifumbata linangoyoyoka. Ndipo katondo wofiira yemwe ena amamuderera uja amagwirana bwinobwino ndipo amasunga chinyontho, nchifukwa chake ndimakakamira kuti aliyense agwire yekha, asamangoonera ine.

Tikamaliza timakambirana zochita. Wa mchenga ndimamuuza kuti mayi, fetelezayo makamaka urea musathire yense kamodzi chifukwa mvula imamutsitsa pansi msanga, thirani mogawa ndipo manyowa ndi mapesi musawaumire. Wa makande asalime kukali konyowa kwambiri chifukwa zibuma zake zikauma khasu limachita kudunda, ndipo mtedza bola audzale mbali ya mchengako poti m'makande wambiri umatsalira pansi pokumba. Amene munda wake uli ndi kumtunda ndi kudambo ndimamutuma akayese mbali zonse ziwiri padera.