Tsiku Limene Python Inakana Kulambalala Apongozi

Popeza nkhaniyi yafika kale ku Dómuè itamera nyanga, mundimvere mwini wakene. Dzina la apongozi anga sindinalilembe kamiliyoni. Ndinalilemba kamodzi. Kwinako inalemba ndi Python, chilankhulo cholembera mapulogalamu a kompyuta.

Gulu lathu la alimi a mbatatesi kuno ku Ulónguè linandipempha kapulogalamu kowerengera ndalama za feteleza. Ntchito yake yochepa: kayende pa mayina onse, kakapeza amene sanapereke, kaonetse dzina lake, kamudumphe, kapite kwa wotsatira. Kudumphako ndi mawu amodzi, continue. Ine ndinagwiritsa ntchito while, lamulo lozungulira mobwerezabwereza (loop), ndipo mzere wosuntha kauntala (nambala yosonyeza dzina limene tafikapo), i += 1, ndinauika pansi penipeni. Koma continue akangofikidwa sayang'ananso zimene zili pansi pake, amathamangira kumutu kwa loop. Kauntala ikapanda kusuntha, amakapezanso munthu yemwe uja.

Kunyumba ndinayesa, zinayenda bwinobwino. Kungoti mayina anga oyeserawo onse anali olipira. Ndani amayesa pulogalamu ndi anthu angongole?

Pamsonkhano tinalumikiza laputopu ku TV yaikulu. Mayina 6 oyamba anadutsa mwaulemu. Lachisanu ndi chiwiri linali la mayi ake a mkazi wanga. SANALIPIRE. Pansi pake, SANALIPIRE. Kenako anayamba kutsika ngati madzi a Cahora Bassa atatsegula zipata zonse.

Taganizani. Ine munthu amene ndikaona apongozi akubwera panjira ndimapatukira m'chimanga. Zaka 9 sindinawatchulepo dzina ngakhale kumaloto. Lero kompyuta yanga yawaima kutsogolo, yakana kuwalambalala, ikuwatchula dzina lonse ndi la kubanja lomwe. Agogo ena osadziwa kuwerenga anafunsa kuti akuti chiyani, mwana wasukulu n'kuyamba kuwawerengera mokweza, mzere ndi mzere. Anafika mzere wa 12 asanamutsine.

Ndikudziwa, Ctrl+C, mabatani oimitsira pulogalamu. Aliyense akundiuza Ctrl+C. Munali kuti nthawi imene ija? Ine ndinazula chingwe cha laputopu kukhoma, kuiwala kuti ili ndi batire. Magetsi nawonso, amene amakonda kuthima tili pakati pa mpira, tsiku limenelo anali nji.

Apongozi sanandiyang'ane. Anakonza chitenje chawo, n'kutembenukira kwa mkazi wanga: "Uwauze amuna ako kuti tamva. Kamodzi kanali kokwanira."

Kukonza kwake kunanditengera masekondi 5: kukweza i += 1 pamwamba pa continue. Ndikanalemba for, loop ya mtundu wina, kauntala ikanasuntha yokha, koma amene anatiphunzitsa anayambira while, ndiye mlanduwu si wanga ndekha. Ndipo tinene zoona, pulogalamuyo sinaname. Sanalipire.

Analipira mawa lake m'mamawa, kudzera mwa msungichuma. A tcheyamani akuti tikayendetsenso mwezi wamawa osakonza, akuti kamatolera ndalama bwino. Nkhuku imene inkabwera kwathu pa Khirisimasi ndiye sindikudziwa.