Shopu yathu nzeru zake zinachokera pa njanji

Anthu ambiri pano pa Mchinji boma amatidziwa ngati owotcherera mageti, eya timapanga, koma chomwe chimatidyetsa kwenikweni ndi kubwezeretsa zitsulo zodyeka, ndipo ineyo luso limeneli ndinalitola ku njanji.

Ndili mnyamata ndinagwirako ganyu m'gulu lokonza njanji, iyi yochoka ku Lilongwe kudzafika kuno, ija anaipitiriza mpaka Chipata mu 2010. Akapitawo athu anali mdala wina waimvi, ndi amene anandionetsa chifukwa chomwe sitima imalira tswiii ikamakhota. Mawilo awiri aja ali pa ekiselo imodzi ndiye amazungulira limodzi, koma pakona lakunja lili ndi mtunda wautali kuposa lamkati, basi limodzi limangokhuluzika, komanso mlomo wa wilo, uja umaletsa wilo kuchoka panjanji, umakhula m'mbali mwa njanji yakunja. Mukawerama pakonapo mumaona tizitsulo tonyezimira ngati gaga titagwera pamiyala, imeneyo ndi njanji ikutha.

Mankhwala ake ndi girisi koma m'mbali mwamkati mokha, pamwamba ayi ndithu, mukapaka pamwamba mawilo aterera mabuleki osagwira, paja sitima imachita kuthira mchenga panjanji kuti isaterere. Maiko ena ali ndi sitima yonse ya miyala yonolera, imayenda ikusalaza pamwamba kuchotsa timing'alu ndi timabampu tomwe timabweretsa phokoso. Pamphambano pa njanji pakadyeka amadzaza powotcherera ndi rodi yolimba kenako kusalaza ndi galayinda, chitsulo chomwecho nkupitiriza ntchito.

Ganyu itatha ndinati kodi izizi sizingagwire kumudzi? Ndinagula mashini yowotcherera yakale, mayi a kunyumba anawonjezera ndalama ya soya, tinayamba pansi pa mtengo wa mango. Poyamba anabwera alimi a ng'ombe ndi makasu a pulawo otha mlomo, kenako eni zigayo ndi mahamala awo. Mahamala ndiye amafuna mtima, mukawonjezera chitsulo muyenera kuwayeza pasikelo kuti alemere mofanana, apo ayi chigayo chimanjenjemera mpaka kupha mabering'i. Ndipo rodi wamba siithandiza apa, imatha msanga, pamafunika yolimba ija ngakhale ndi yodula ndipo timakaitenga ku Lilongwe.

Chimandiwawa ndi kuona mlimi akutaya khasu la pulawo loti ladyeka kumlomo kokha, ndalama ya feteleza nkupita ku latsopano. Enanso geti yoyenda pa kanjanji ikayamba kulira amathira oyilo wakuda pansi pomwe pali fumbi, mchenga umamatira pomwepo nkumadya mawilo, girisi malo ake ndi mu bering'i.

Pano tili ndi anyamata awiri omwe akuphunzira ntchito, wina dzanja lake pa galayinda landiposa kale. Tikusunga ya jenereta kuti magetsi akazima ntchito isamaime. A mapulawo bweretsani chilimwe chino chitsulo chisanapyapyale, chifukwa mvula ikangogwa mzere wa anthu pashopu umatalika.