Moto unatentha katundu, koma ulendo taumaliza: zikomo

Loweruka lapitali usiku tinasewera komaliza pa ulendo wathu wa chaka chino. Lamulungu ndinagona tsiku lonse ngati wodwala. Lero ndadzuka ndi ngongole ya zikomo, ndipo ndikufuna ndiibweze poyera, chifukwa ambiri a inu munatithandiza mwakachetechete, ena sitinaonane n'komwe.

Kwa amene simundidziwa, ine sindioneka pa siteji. Ntchito yanga m'gulu lathu la zisudzo ndi yakuseri. Ndimakhala mumdima, buku lili pamiyendo, kuuza wa magetsi nthawi yozimitsa, kukumbutsa wosewera komwe wasiya lupanga lake. Gulu lathu limazungulira dziko lonse ndi masewero akalekale. Madzulo timaonetsa m'maholo, m'mawa timasewera ndi kuphunzitsa m'masukulu. Chaka chino tinakonza awiri, Macbeth wa William Shakespeare ndi Antigone wa Sophocles.

Kutatsala masabata atatu kuti tinyamuke, chipinda chosungiramo katundu wathu chinapsa. Waya wa magetsi ndiye anayambitsa, usiku, mulibe munthu. Palibe anavulala, ndipo pamenepo ndiyambe ndi kuthokoza Mulungu. Koma zovala, zisoti, malupanga, makatani, nyali za pa siteji, zokuzira mawu, zonse zinasanduka phulusa ndi zitsulo zopindika. Chomwe chinandiliza ine ndi buku langa, lomwe ndinalisiya momwemo. M'buku limenelo mumalembedwa chilichonse: wakutiwakuti alowere kumanzere akamva mawu awa, nyali ichepe apa, ng'oma ilire apa, mizere iyi tinaidula. Miyezi iwiri yoyeserera inali m'menemo, yolembedwa ndi pensulo.

Anthu a zisudzo tili ndi zikhulupiriro zathu. Pali mwambo wakale woti dzina la Macbeth silitchulidwa m'nyumba ya zisudzo. Amangoti sewero la ku Scotland, ati kulitchula kumaitana tsoka. M'mawa wa moto uja tili chilili kuyang'ana utsi, mnyamata wathu wina anafunsa monong'ona kuti, "Koma anatchula ndani?" Tinaseka misozi ili mbwembwembwe. Achimwene, zikomo chifukwa cha nthabwala ija, inatimasula pakhosi. Ngakhale zili choncho, waya uja anali wakale basi.

Zikomo yanga yaikulu ikupita kwa amayi amene amayang'anira za maphunziro m'gulu lathu, ndipo kuti mumvetse chifukwa chake ndiyenera kudziulula ndekha. Pamsonkhano wa tsiku lachiwiri panabwera maganizo oti tichotse masukulu onse pa ulendowu. Masamu ake anali omveka. Madzulo anthu amagula matikiti, pomwe kusukulu timapita ndi mafuta athu n'kubwerako chimanjamanja. Ine ndinali mmodzi wa ovomereza, ndipo ndinayankhula mokweza kuposa onse. Amayiwa anatisiya timalize. Kenaka anatikumbutsa kuti nyumba ya zisudzo ya Globe ku London, momwe gulu la Shakespeare linkasewera, nayonso inapsa pa 29 June 1613. Anaombera mzinga pakati pa sewero la Henry VIII, moto n'kugwira denga la udzu, nyumba yonse n'kutheratu. Pofika 1614 anali atamanganso ina, ulendo uno ya denga la matailosi. Koma mfundo yawo sinali pamenepo. Anati ku Globe ankasewera masana, kulibe nyali ya magetsi ngakhale imodzi, pomwe zambiri za mu Macbeth zimachitika usiku. Mdimawo unkabwera ndi mawu a osewera ndi muuni m'dzanja. "Ndiye inu mukuti ana asaone sewero chifukwa tilibe nyali?" Palibe anayankha. Amayi, munandichititsa manyazi tsiku lija, ndipo munachita bwino.

Akulu anati mnzako akapsa ndevu m'zimire. Otizimira anabwera, ena sitinawaitane. Gulu lina la zisudzo, lomwe nthawi zonse timalimbirana nalo maholo ndi anthu, linatibwereka makatani ndi zokuzira mawu popanda kutilembetsa pena paliponse. Atelala athu anasoka zovala usiku ndi usana kuchokera ku nsalu zomwe anthu anabweretsa, zina mwachionekere zinali makatani a m'nyumba zawo. Kalipentala wina anasema malupanga a matabwa n'kuwapaka utoto, ndipo ali patali ankaoneka oopsa kuposa achitsulo aja. Adalaivala athu, amene anakana kulandira malipiro a sabata yoyamba mpaka titatolera za matikiti, abambo inu, sindidziwa ndikuthokozeni bwanji. Nonse amene munatumiza kangachepe, tinalemba mayina anu ndipo kalata ikupezani.

Buku lija tinalidzutsa masiku anayi. Ndinakhala pansi ndi kope latsopano, osewera n'kumayenda sewero lonse pang'onopang'ono, aliyense akunena zomwe thupi lake likukumbuka. Apa m'pomwe ndinaphunzira kuti miyendo ya wosewera imasunga zinthu kuposa mutu wake. Ukamufunsa kuti umaima pati sadziwa, koma ukamuuza kuti yamba kuyankhula, miyendo imamutengera yokha pamalopo. Tinakangana kwambiri pa chithunzi cha phwando, pamene mzimu wa Banquo, mnzake amene Macbeth anamuphetsa, umabwera kudzakhala pa mpando wa mfumu. Atatu ankati umalowera kumbuyo, awiri ankalumbira kuti umatulukira pansi pa tebulo. Tinasankha pansi pa tebulo, ndipo mpaka lero ndikukhulupirira kuti poyamba sizinali choncho, koma zinaposa zakale. Masiku amenewo ndinkangoganizira John Heminges ndi Henry Condell, osewera anzake a Shakespeare, amene anasonkhanitsa masewero ake 36 n'kuwasindikiza m'buku limodzi mu 1623, patatha zaka 7 mwini wake atamwalira. Mwa masewerowo, 18 anali asanasindikizidwepo, ndipo Macbeth ali m'gulu limenelo. Chikhala kuti awiriwo anachita ulesi, bwenzi ife tilibe chosewera. Anzanga osewera, masiku anayi aja munandipirira ndili wokwiyakwiya, ndikukalipira aliyense. Pepani, ndipo zikomo.

Antigone ndiye anasintha kwambiri, ndipo umphawi ndi umene unamusintha. Masewero a Agiriki akale amakhala ndi gulu la oimba ndi oyankhula pamodzi, lomwe limaimira anthu a mumzinda, ndipo mbiri imati Sophocles ndiye anakweza chiwerengero chawo kuchoka pa 12 kufika pa 15. Ife tinalibe zovala za anthu ochuluka choncho, ngakhale malo m'basi. Amayi a zamaphunziro aja anati pasukulu iliyonse titenge ophunzira 15, tiwaphunzitse ola limodzi, akhale akulu a mumzinda wa Thebes atavala yunifolomu yawo yomweyo. Ine ndinkaopa chisokonezo. Chisokonezo chinalipodi, ena kuseka, ena kuiwala. Koma mwana amene waima mikono iwiri kuchokera pamene mfumu Creon ikulamula kuti mtembo wa Polyneices, mlongo wake wa Antigone, usaikidwe m'manda, samvera ngati mwana amene wakhala kumbuyo kwa holo. Pasukulu ina mtsikana wina anayankha mfumuyo mawu omwe mulibe m'sewero, ataiwala kuti ndi sewero. Wosewera Creon anangomuyang'ana, n'kupitiriza. Nkhani yolembedwa zaka zoposa 2,400 zapitazo inamukwiyitsa mwanayo ngati yachitika dzulo. Chaka chamawa, kaya tili ndi ndalama kaya tilibe, tidzachitanso choncho.

Aphunzitsi, inu ndiye munanyamula katundu wosaoneka. Munasuntha nthawi za maphunziro, munasesetsa maholo, munathyoletsa nthambi zoti zikhale nkhalango ya Birnam, yomwe imayenda m'sewero la Macbeth. Ndithokoze mwapadera aphunzitsi a mbiri amene anaimirira sewero litatha n'kutitsutsa pamaso pa ana. Anati Macbeth weniweni analamulira Scotland kuyambira 1040 mpaka 1057, ndipo Duncan, mfumu imene Macbeth amaipha m'sewero, anafera kunkhondo, sanaphedwe ali m'tulo. Ananena zoona. Zimenezi zinatsegula nkhani yabwino kuposa yomwe tinakonzekera, yoti Shakespeare ankalemba mu ulamuliro wa James I, Mskoti amene anatenga ufumu wa England mu 1603 n'kukhala mtetezi wa gulu la zisudzo la Shakespeare, amene ankadziwerengera kuti ndi mdzukulu wa Banquo, komanso amene analemba yekha buku la za ufiti mu 1597. Ana anazindikira okha chifukwa chake Banquo wa m'sewero ali munthu wabwino chotero. Kenaka mnyamata wina anati mlandu wonse wa Macbeth ndi wa mfiti zitatu za m'seweromo. Mtsikana wa kutsogolo anamufunsa kuti, "Ndi pati pamene mfitizo zinamuuza kuti aphe?" Mnyamatayo anafufuza m'buku, osapeza, chifukwa palibe. Belu linalira mkangano usanathe, ndipo aphunzitsi anandilembera pambuyo pake kuti unapitirira mpaka sabata yotsatira.

Si paliponse pomwe zinayenda bwino, ndisakunamizeni. Holo ina tinasewerera mipando yambiri yopanda anthu. Kwina mvula inasokosa padenga moti mayi Macbeth ankasamba m'manja popanda womva zomwe akunena. Amene munakhalabe mpaka kumapeto usiku umenewo, mukudzidziwa.

Kwa apabanja athu, amene munakhala miyezi iwiri mukulera ana nokha ndi kuyankha mafoni a pakati pa usiku, zikomo yanu ndidzaipereka pamaso, pano siikwana.

Sabata ino tikubweza zonse zomwe tinabwereka. Buku latsopano lija ndalijambulitsa makope atatu, ndipo lililonse likugona nyumba yakeyake. Tikusakabe chipinda china chosungiramo katundu, chouma, cha mawaya abwino, ndiye amene mukudziwa malo otere ndiuzeni. Chatsala ndi chijasi chakuda chachitali chomwe wina anasiya pakhomo la holo yoyeserera m'thumba la pulasitiki, popanda dzina. Macbeth wachivala pa siteji ulendo wonsewu. Batani limodzi linathothoka pa nkhondo yomaliza ndipo atelala aikapo lina losiyana pang'ono. Chachapidwa, chasitidwa, chili kwa ine. Mwini wake, bwerani mudzatenge.